Mpingo si esiteti: za ndalama za kiyibodi zija

Ambiri amene munali kuntchito Loweruka mwakhala mukufunsa zimene a mlembi a khonsolo ya tchalitchi chathu anayankhula pa msonkhano wa achinyamata. Nawa mawu awo monga anatipatsira. Werengani, mutumizirekonso anzanu.



Achimwene ndi achemwali anga, zikomo pondiitana. Ndikudziwa kuti simunandiitane chifukwa chondikonda kwambiri masiku ano. Mwandiitana chifukwa ndine mlembi wa khonsolo, ndipo khonsoloyo ndi imene inatenga ndalama zanu za kiyibodi n'kugulira malata. Ndiye tisazungulire, tiyambire pomwepo.

Ndalama zija munazipeza ndi thukuta. Ndinkakuonani anyamata mukuumba njerwa m'chilimwe, atsikana mukugulitsa zitumbuwa pakhomo la tchalitchi, ena mukupita ku ganyu yopalira mutaweruka kale ku esiteti. Munazipereka kwa msungichuma wa tchalitchi kuti akusungireni poti gulu lanu lilibe buku kubanki. Kenaka mphepo ya mvula yoyamba inasasula denga, khonsolo inakumana Lachitatu m'mawa, ndipo pofika Lamulungu malata anali atakhomedwa kale. Inu eni ndalama munamvera pa zolengeza, pakati pa uthenga wa maliro ndi chikumbutso cha mtulo.

Lachitatu limenelo ine ndinalipo. Amene analemba mfundoyo m'buku ndine. Funso lakuti "kodi anawa auzidwa?" linafika pakhosi, ine n'kulimeza. Denga linkafunikadi, palibe angatsutse. Mukanafunsidwa mwina mukanavomera, mwinanso mukanakwera nokha padenga kukakhoma nawo. Cholakwika n'chakuti simunafunsidwe, ndipo pa mbali yanga ndikupepesa.

Tsopano ndamva kuti mwapangana zosiya kupita ku mphakati, kuti masankho a mwezi wa mawa muwanyanyala, ndi kuti awiri atatu ayamba kale kupemphera kwina kumene kiyibodi ilipo ndi masipika omwe. Ndabwera kudzakupemphani kuti musachoke. Sindikuuzani kuti mawu a akulu akoma akagonera, mwambi umenewo mwatopa nawo. Ndikufuna ndikuonetseni kuti chiphunzitso cha Mpingo womwewu chili kumbali yanu kuposa mmene mukuganizira, ndikuuzeninso pamene chimalekezera, kuti pasakhale kunamizana.

Munamvapo mawu akuti sinodi. Kuno munthu akati sinodi, maganizo amathamangira kwa abale athu a CCAP, Sinodi ya Blantyre. N'zoona, iwo mawuwa anawazolowera kale. Koma ndi mawu akale a Mpingo wonse, ochokera ku Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi kuyenda njira imodzi, kuyendera limodzi. Vuto n'lakuti ife a ku Thyolo tinabadwira m'kayendedwe kena.

Ine ndagwirapo ukalaliki pa sikelo zaka zingapo, pa esiteti ina imene sinditchula. Kumeneko mawu amayenda njira imodzi yokha, yotsetsereka. Amachokera ku ofesi, kufika kwa manijala, kwa kapitawo wamkulu, kwa kapitawo, mpaka kwa mayi amene ali ndi dengu kumsana. Mayiyo ndi amene amadziwa munda umene masamba akhwima, pamene pali poterera, pamene pabisala njoka. Koma mawu ake sakwera chitunda. Agogo athu, ambiri mwa iwo Alomwe amene anachokera ku Mozambique, anakhala m'minda imeneyi pansi pa thangata: ukafuna pokhala, uzigwira ntchito kwa mwini malo. Mu 1953 anthu a boma lino anafika potopa, kunali chipolowe chimene mbiri ya dziko lino imachikumbukira. Ndipo taonani kuchedwa kwake: mgwirizano woyamba wokambirana malipiro pakati pa bungwe la ogwira ntchito la PAWU ndi eni minda a Tea Association of Malawi unasainidwa mu 2016, dzulodzuloli. Zaka zonsezo m'mbuyomo, wothyola tiyi ankangouzidwa.

Ndiye Lamulungu likafika timasamba, kuvala, n'kunyamula mutu womwewo kupita nawo ku tchalitchi. M'maganizo mwathu Apapa ndiye eni kampani okhala kunja, ambuye episkopi ndiye bwana wamkulu, bambo mfumu ndi manijala, akatekisi ndi ife a khonsolo ndife makapitawo, inu ndinu othyola, mtulo ndiye makilogalamu anu. Musaseke. Ine ndinakhala chete Lachitatu lija chifukwa cha mutu umenewu. Ndinadziona ngati kalaliki: changa n'kulemba zimene sikelo yanena.

Mpingo sudziphunzitsa choncho ayi. Pa msonkhano waukulu wa maepiskopi a dziko lonse wa Vatican wachiwiri, kuyambira 1962 mpaka 1965, anatulutsa chikalata chofotokoza chimene Mpingo uli, chotchedwa Lumen Gentium, mu 1964. M'chikalatamo mutu wonena za mtundu wa anthu a Mulungu, kutanthauza tonse obatizidwa, anauika patsogolo pa mutu wonena za maepiskopi, ansembe ndi madikoni. Sanachite mwangozi, anakambirana kaye n'kusankha kutero. Ankanena kuti chachikulu chimene munthu angalandire mu Mpingo ndi ubatizo, ndipo ubatizo wa Apapa ndi wa mwana amene amayimba alito m'kwaya yanu ndi umodzi. Maudindo amabwera pambuyo, ndipo amabwera kudzatumikira obatizidwawo. Chikalata chomwecho chimaphunzitsa kuti Mzimu Woyera amapatsa anthu onse a Mulungu khutu lozindikira za chikhulupiriro, osati odzozedwa okha. Ngati zili choncho, mtsogoleri amene safunsa anthu ake akudzimana yekha mbali ina ya zimene Mzimu akunena.

Mukafika kunyumba mutsegule Machitidwe a Atumwi mutu 6. Nkhani yake ikufanana ndi yanu mochititsa mantha. Mpingo wa ku Yerusalemu unali utangoyamba kumene, atumwi onse ali pomwepo, koma kunabuka kung'ung'udza. Akhristu oyankhula Chigiriki ankadandaula kuti amasiye awo akuiwalidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Onani kuti mkangano woyambawu sunali wa chiphunzitso chozama. Unali wa kagawidwe ka zinthu, ndalama ndi ufa. Atumwi sanati "mukunyoza akuluakulu". Sanatinso "tiona tokha". Anaitanitsa gulu lonse, n'kuliuza kuti lisankhe lokha anthu asanu ndi awiri oti ayendetse ntchitoyo. Gulu linasankha, atumwi n'kuwasanjika manja. Ndipo mukawerenga mayina a osankhidwawo, onse ndi a Chigiriki, Stefano ndi Filipo ali momwemo. Zikuoneka kuti mbali imene inkadandaula ndi imene inapatsidwa makiyi a nkhokwe. Akanati odandaula aja angonyanyala n'kupita kwawo, Stefano sitikanamudziwa.

Pa mutu 15 palinso mkangano wina woopsa kuposa, wa zoti akunja azidulidwa kapena ayi. Anatsutsana kwambiri, Petro anayankhula, Paulo ndi Barnaba anafotokoza zimene anaona, Yakobo anamanga mfundo, ndipo kalata yawo inanena kuti chigamulocho chinali cha Mzimu Woyera pamodzi ndi iwo. Anthu amati umenewo ndiwo unali sinodi woyamba.

Koma tisapite kutali. Mphakati umene mukufuna kuusiyawu, mukudziwa kuti wina anaulipira mtengo?

Ambuye Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua, wa chipani cha White Fathers, anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Masiku amenewo parishi inali yaikulu ngati boma, wansembe amafika ku nthambi mwa apo ndi apo, akhristu n'kumangodikira. Iwo anaitanitsa sinodi ya dayosizi yawo, imene inayenda kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo sinali ya ansembe okha. Zokambirana zinkayambira m'midzi, kukwera ku parishi, kufika ku dayosizi. Cholinga chawo chinali Mpingo wodzitumikira wokha, wodzifalitsa wokha, wodzidalira wokha, ndipo maziko ake anali timagulu ta mabanja oyandikana, timene timati miphakati, kwina amati malimana. Maepiskopi a m'chigawo chino cha Africa, a bungwe la AMECEA, anagwirizana pa misonkhano yawo ya ku Nairobi mu 1973 ndi 1976 kuti njira imeneyi ikhale patsogolo m'madayosizi onse.

Nanga boma la nthawi imeneyo linaziona bwanji? Inali nthawi ya chipani chimodzi, ya a Kamuzu. Anthu wamba kumakumana m'nyumba, kumasankha okha atsogoleri, kumakambirana mavuto a m'mudzi popanda wapampando wa chipani, zimenezo zinaoneka ngati chipani china chobisalira m'mapemphero. Ambuye Kalilombe anakakamizika kuchoka m'dziko muno mu 1976, ndipo mu 1979 anatula pansi udindo wa dayosizi ya Lilongwe. Anakhala kunja zaka zambiri, ku America ndi ku Birmingham, asanabwerere kudzaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba. Anamwalira mu 2012. Ine ndikaganiza zimenezi ndimachita manyazi. Boma la nthawi ija linamvetsa mphamvu ya mphakati kuposa ife. Ilo linauopa. Ife tausandutsa malo otolerera ndalama za masika ndi kulembera mayina a oti akonze m'tchalitchi.

Makolo anu akuuzeninso za pa 8 Malichi 1992, tsiku limene m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona a ku Blantyre. Munali za malipiro ochepa, za kumanga anthu osawazenga mlandu, za mantha oyankhula. Zonsezo anthu ankazinong'ona kale m'malayini ndi m'midzi, maepiskopi anangozikweza mawu. Ndipo anasaina onse pamodzi, kotero kuti panalibe mmodzi woti amuloze yekha chala, ngakhale Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, kunali riferendamu. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale utavala chisoti cha uepiskopi.

Za ku Rome ndidutsa mwachangu, poti ena munayankha nawo mafunso aja m'miphakati. Papa Francis anatsegula sinodi yokamba za kuyendera limodzi mu Okutobala 2021, n'kulamula kuti kumvetsera kuyambire pansi. A ku Africa anakumana ku Addis Ababa mu Malichi 2023. Misonkhano ikuluikulu inachitika ku Rome mu Okutobala 2023 ndi Okutobala 2024. Kwa nthawi yoyamba anthu osakhala maepiskopi anapatsidwa mwayi wovota ambirimbiri, akazi 54 ali m'gulumo. Anakhala pa matebulo ozungulira, kadinala apa, sisteri apa, wachinyamata apo, Apapa nawonso patebulo lawo ngati wina aliyense. Pamapeto Papa Francis sanalembe chikalata chakechake monga zimakhalira, anangolandira chimene msonkhano unavomereza n'kuchipereka ku Mpingo wonse. Iye anamwalira mu Epulo 2025, ndipo pansi pa Papa Leo XIV ntchito yoti madayosizi azitsatira zimenezi ikupitirira, kulinga ku msonkhano wina mu 2028.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ndi pamene ena a inu mukhumudwe. Mpingo si nyumba ya malamulo. Sitivota kuti Ukaristia ndi chiyani. Ndipo ngakhale pa zinthu za tsiku ndi tsiku, buku la malamulo a Mpingo la 1983, pa lamulo nambala 536, limanena kuti khonsolo ya parishi ndi yolangiza, wotsogolera ndi bambo mfumu. Mukhoza kukweza manja nonse, koma womanga mfundo ndi iwo, ndipo pamwamba pawo pali ambuye episkopi. Amene angakuuzeni zina akukunamizani.

Koma buku lomwelo silithera pa 536. Lamulo 212 limati akhristu ali ndi ufulu, nthawi zina udindo kumene, wouza abusa awo maganizo awo pa zokomera Mpingo. Udindo, mwamvatu. Ndiye kuti kukhala chete kwanga kuja kunali kulephera ntchito. Lamulo 537 limati parishi iliyonse ikhale ndi komiti ya zachuma, ndipo ili si la kufuna kwa munthu, ndi lokakamiza. Lamulo 1287 limati oyendetsa chuma azipereka lipoti kwa akhristu pa zimene akhristuwo apereka. Lamulo 1267 limati chimene chaperekedwa pa cholinga chinachake chigwire ntchito pa cholinga chomwecho basi. Ilo likhoza kutipweteka ife a khonsolo, ndipo ndalitchula dala. Palinso lamulo 127, lonena kuti pamene lamulo lafuna kuti mtsogoleri afunse uphungu, iye sakakamizidwa kuutsata, koma asachite zosemphana nawo popanda chifukwa champhamvu, makamaka ngati alangizi onse anena chimodzi. Chikalata chomaliza cha sinodi ya 2024 chinakhomerera pomwepo: makhonsolo akhalepo m'choonadi osati pa pepala, mukhale akazi, achinyamata ndi osauka, atsogoleri azifotokoza zifukwa za zigamulo zawo, ndipo chaka ndi chaka pazikhala lipoti la ndalama.

Ndiye kusiyana kwake ndi esiteti kuli apa. Manijala akakana, nkhani yatha. Bambo mfumu akakana, ali ndi ngongole yofotokoza. Ndiponso asanafike pokana kapena povomera, ayenera kukhala atamva kaye. Kumanga mfundo ndi kwa mmodzi, koma kuiphika ndi kwa tonse.

Apa ndiwaikire kumbuyo pang'ono bambo mfumu athu, ngakhale sanandipemphe. Ali ndi nthambi zambiri, njira zina mvula ikagwa galimoto silidutsa. Lachitatu lija anafunsa kuti ndalama zilipo, msungichuma anati zilipo, iwo n'kuti gulani malata. Amene tinkadziwa kuti ndalamazo n'zandani tinali ife. Nthawi zambiri wotseka pakamwa pa akhristu si wansembe ayi, ndife akhristu eni ake amene tapatsidwa kampando.

Ndipo kuno kwathu pali chinthu chimene a ku Rome aja sangachidziwe. Wapampando wa mphakati Lamulungu amakhala kapitawo Lolemba. Msungichuma ndi kalaliki wa pa sikelo. Amasankhidwa chifukwa amadziwa kulemba ndi kuwerengera, n'zomveka. Koma tandiuzani, mayi waganyu ya nyengo, amene akudikira kuti dzina lake lilembedwenso Disembala, angatsutse kapitawo wake pa mphakati? Akatsutsa Lamulungu, Lolemba akumana naye kumunda. Mwina kapitawoyo ndi munthu wabwino, sangabwezere, koma mantha safunsa zimenezo. Ndiye mayi uja amangoti "zili bwino", ife n'kulemba m'buku kuti onse agwirizana. Onjezani apo nthawi ya misonkhano. Khonsolo ikamakumana Lachitatu m'mawa m'nyengo ya dzinja, tiyi ali pachimake, angabwere ndani? Aphunzitsi opuma ndi eni magolosale. Wothyola ali kumunda, wa sukulu ali m'kalasi. Palibe amene anakuletsani kubwera, koma ola lokha linakutsekerani kunja.

Ku sinodi kuja anagwiritsa ntchito njira ina imene ndikuganiza kuti ingatithandize, yotchedwa kukambirana mu Mzimu. Si yovuta. Mumakhala kagulu kochepa, funso limodzi. Mumayamba mwapemphera chamumtima. Kenaka aliyense amayankhula nthawi yofanana, mphindi zochepa, popanda womudula kapena kumuyankha. Mumakhala chete pang'ono. Ulendo wachiwiri simubwereza mfundo yanu, mumanena chimene chakukhudzani pa zimene mnzanu wanena. Chete winanso. Ulendo wachitatu mumafunafuna pamene mwagwirizana, ndipo pamene mwasiyana mumalembanso, osabisa. Ine ndingawonjezere kamodzi kakwathu kuno: wamng'ono aziyamba, waudindo azimaliza. Zimenezi si zanga. Benedikito Woyera, polemba malamulo a amonke ake zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, analamula kuti pa nkhani yaikulu aitanidwe onse, chifukwa nthawi zambiri Ambuye amaululira wamng'ono chimene chili chabwino. Kapitawo akayamba kuyankhula, otsatira onse amangovomereza. Akamaliza ndiye, amakhala atamva zimene sakanazimva.

Inunso ndikuuzeni zanu, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa masankho apitawo mpando wa achinyamata m'khonsolo unalipo. Munasankha mnzanu amene patapita miyezi iwiri anapita ku Joni, ndipo mpaka lero simunasankhe wina. Mpandowo unali wopanda munthu Lachitatu lija. M'gulu lanu momwemu, atsikana ndi amene amachuluka pa ntchito, koma ndaona amene amayankhula pa misonkhano ndi anyamata anayi omwewo. Mafoni mwanu nkhani ya kiyibodi mwaitafuna usiku ndi usana, koma kalata ku khonsolo sinafike ngakhale imodzi. Ine monga mlembi sindingawerenge pa msonkhano zimene mwalemberana pa WhatsApp.

Ndiye nazi zimene ndikupempha. Lembani kalata, yaulemu koma yosabisa mawu, yonena kuchuluka kwa ndalama zimene munasungitsa ndi tsiku lake, ndi kupempha kuti khonsolo inene mmene ibwezere ndi liti. Musaine ambiri, osasiyira mmodzi kuti adzaoneke ngati ndiye wovuta. Ine ndidzaiwerenga ndekha pa msonkhano, ndipo ndidzapempha kuti ilembedwe m'buku ngati ngongole ya tchalitchi kwa achinyamata. M'kalata momwemo mupemphe zinthu ziwiri: kuti khonsolo izikumana Lamulungu Misa ikatha, ndi kuti lipoti la ndalama lizimatidwa pakhomo la tchalitchi miyezi itatu iliyonse. Sindikulonjeza kuti zonse zidutsa. Alipo akuluakulu ena amene adzati ana a masiku ano alibe mwambo, ndipo ine ndikhoza kutaya ulembiwu pa masankho omwewa. Zimenezo n'zanga.

Musankhenso lero lomwe munthu wokhala pa mpando uja, ndi womutsatira wake, kuti wina akapita ku Joni mpando usazizirenso. Mwa awiriwo mmodzi akhale mtsikana. Pepala ndi cholembera ndabwera nazo, zili patebulopo. Khonsolo ikumana sabata ya mawa, ndiye kalata indipeze lisanafike Lachisanu.